Funsani Tiyankhe: Mawu a Chingerezi m'masewero a zilembo

Mwa makalata amene tawalandira mwezi uno, ambiri akufunsa za chinthu chimodzi, chomwe ndi mawu a Chingerezi amene amagwira ntchito m'masewero oyala zilembo monga Scrabble, Wordle ndi crossword. Tasankhapo makalata asanu ndi atatu, ndipo ena tawafupikitsa kuti malo akwane. Mawu onse a Chingerezi tawalemba m'zilembo zikuluzikulu, monga momwe amaonekera pa bolodi.

Funso: Akonzi, ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndinaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zoposa 30. Posachedwapa mdzukulu wanga anandigonjetsa pa Scrabble atayala mawu akuti QI, ZA ndi XU, amene sindinawaonepo m'buku lililonse. Iye akulimbikira kunena kuti ndi ololedwa. Kodi amenewa ndi mawu a Chingerezi, kapena mwanayu akundibera? Ndine Agogo Odabwa.

Yankho: Aphunzitsi, mwanayo sakukuberani, ngakhale kuti kudabwa kwanu n'komveka ndithu, pakuti munthu angathe kuwerenga mabuku a Chingerezi moyo wake wonse osakumana ndi liwu lakuti XU. Chimene chimagamula mlandu pa Scrabble si kutchuka kwa liwu pakati pa anthu ayi, koma kupezeka kwake m'dikishonale imene osewera agwirizana masewero asanayambe. Pa mipikisano pali mindandanda ikuluikulu iwiri. Ku United States ndi ku Canada amatsatira mndandanda wa bungwe la osewera Scrabble la NASPA, pamene maiko ena ambiri amatsatira buku la Collins Scrabble Words, limene m'kope lake la 2019 munali mawu oposa 279,000. Mawu atatu amene mwatchulawo alimo m'mindandanda yonse iwiri.

QI ndi liwu lochokera ku Chitchaina, ndipo limatanthauza mphamvu ya moyo imene, malinga ndi chiphunzitso chakale cha ku China, imayenda m'thupi la munthu. ZA ndi chidule cha PIZZA m'kalankhulidwe kocheza ka ku America, pamene XU ndi ndalama yaing'ono ya ku Vietnam. QI ndi ZA analowa m'dikishonale ya osewera ya Merriam-Webster m'kope lachinayi la 2005, choncho aliyense amene anaphunzira masewerowa chaka chimenecho chisanafike ali ndi chifukwa chokwanira chowakayikira.

Mdzukulu wanu amatikonda timawu timeneti chifukwa timamulola kuyala liwu mogundizana ndi linzake m'litali mwake, m'malo mongolidutsa mopingasa monga amachitira oyamba kumene. Tiyerekeze kuti pa bolodi pali liwu lakuti BOAT, ndipo inu muli ndi X ndi I m'manja. Mukaika X pansi pa O, ndi I pansi pa A, mwapanga mawu atatu nthawi imodzi: XI chopingasa, kenaka OX ndi AI chotsika. XI ndi chilembo cha Chigiriki, OX ndi ng'ombe yamphongo yofulidwa, ndipo AI ndi nyama ya zala zitatu ya ku South America imene imalendewera chozondoka m'mitengo n'kumayenda mwaulesi kwambiri. X ali ndi mapointsi 8 ndipo apa akuwerengedwa kawiri, choncho mwapata mapointsi 20 ndi zilembo ziwiri zokha. X yemweyo akagwera pa kabokosi kochulukitsa chilembo katatu, mapointsiwo amafika 52, kuposa mphoto ya mapointsi 50 imene munthu amalandira akayala zilembo zake zonse zisanu ndi ziwiri.

Mawu a zilembo ziwiri si ambiri. M'kope la Collins la 2019 analipo 127, ndipo chaka chimenecho ndi pamene analowamo OK, EW ndi ZE. Ambiri mwa iwo mukuwadziwa kale, monga AM, BE, DO, IF, NO ndi UP, ndipo achilendowo ali ndi matanthauzo okoma kuwadziwa. AA ndi liwu la ku Hawaii lotanthauza chiphalaphala cha m'phiri lophulika chimene chauma n'kukhala chokakala. JO ndi wokondedwa m'kalankhulidwe ka ku Scotland. KA ndi mzimu wa munthu m'chikhulupiriro cha Aiguputo akale. EM ndi EN ndi miyeso ya osindikiza mabuku, pamene MU, NU ndi PI ndi zilembo zina za Chigiriki. Chimodzi chofunika kuchikumbukira n'chakuti palibe liwu la zilembo ziwiri lokhala ndi V, ndiye chifukwa chake V amatseka bolodi paliponse pamene wagona.

Malangizo anga ndi akuti mdzukulu wanuyo akulembereni mndandanda wonse pa pepala limodzi, pamodzi ndi matanthauzo ake, ndipo pepalalo lizikhala pa tebulo kuti nonse awiri muziyang'anapo kufikira mutalizolowera. Munthu wodziwa Chingerezi ngati inu sadzatenga nthawi kuti abweze chipongwe.

Funso: Akonzi, mnzanga amene ndimasewera naye amati kufufuza matanthauzo n'kutaya nthawi, chifukwa pa Scrabble palibe amene amakufunsa tanthauzo la liwu limene wayala. Iye amangoloweza mindandanda basi, ndipo nthawi zambiri amandiposa. Kodi ndisiye kutsegula dikishonale? Ndine Wophunzira wa ku Koleji.

Yankho: Kunena za malamulo, mnzanuyo akunena zoona, ndipo ali ndi mboni yamphamvu. Nigel Richards wa ku New Zealand, amene wakhala katswiri wa dziko lonse wa Scrabble ya Chingerezi maulendo angapo, anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015 asakulankhula Chifalansa, ndipo mu 2024 anachitanso chimodzimodzi pa mpikisano wa Chisipanishi. Kwa munthu wa mutu wotero, liwu ndi dongosolo la zilembo chabe, ndipo amalisunga monga ena amasungira manambala.

Komabe dikishonale musaisiye, chifukwa ambirife mitu yathu sigwira ntchito motero. Liwu lopanda tanthauzo lili ngati chovala chopanda popachika: lero mwaliloweza, sabata yamawa lagwa pansi. Mukadziwa kuti UNAU ndi m'bale wake wa AI, nyama ya ulesi yomwe ija koma ya zala ziwiri, mawu awiriwo amagwirana ndipo limodzi limakumbutsa linzake. Mukadziwa kuti XU, ZLOTY, NAIRA, CEDI, BIRR ndi KWACHA onsewa ndi maina a ndalama za maiko osiyanasiyana, ndipo onse ndi ololedwa pa bolodi, mwasunga mawu asanu ndi limodzi m'thumba limodzi m'malo mowasenza lililonse palokha.

Chachikulu kuposa pamenepa n'chakuti tanthauzo limakuuzani mtundu wa liwu, ndipo mtundu wa liwu ndi umene umakuuzani chimene mungaphatikize kumapeto kwake. Dzina kawirikawiri limalandira S, mneni amalandira S, ED ndi ING, pamene mfotokozi wamfupi amalandira ER ndi EST. Munthu amene waloweza TEPID osadziwa kuti ndi mfotokozi wotanthauza chinthu chofunda pang'ono, tsiku lina adzaikapo S n'kutaya mpata wake wosewera. Amene waloweza FUNGI ndi CACTI osadziwa kuti mawuwa ndi ochulukitsa kale, ochokera ku FUNGUS ndi CACTUS, adzagwa m'mbuna yomweyo. Ine ndinaluzapo masewero amene ndinkatsogola bwinobwino chifukwa choika S kumapeto kwa XU. Ndinkadziwa kuti liwulo lilipo, koma ndinali ndisanawerenge mzere wake m'dikishonale, pamene palembedwa kuti silisintha pochulukitsa. Mnzanga anatsutsa, zilembo zanga zinabwerera m'manja, ndipo malo amene ndinkafunawo anawatenga iye. Pa mzere womwewo wa tanthauzo ndi pamene mudzaone kuti JO amachuluka kukhala JOES, kuti PANIC amatenga K asanalandire ED n'kukhala PANICKED, ndiponso kuti TREK amabwereza K n'kukhala TREKKED.

Popeza ndinu wophunzira, pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa. Si liwu lililonse lololedwa pa bolodi limene lili loyenera m'chimangirizo kapena m'kalata yofunsira ntchito. Mindandanda ya masewero imasonkhanitsa mawu akalekale, mawu a m'zigawo zina za Britain, mawu a sayansi ndi mawu a macheza, onse pamodzi popanda kuwasiyanitsa. Dikishonale yeniyeni ndiyo imakuchenjezani kuti ili ndi lachikale, ili ndi la ku Scotland, ili n'losayenera pagulu. Mnzanu angathe kukuposani pa mapointsi chaka chino, koma inu mukutuluka m'masewero aliwonse ndi Chingerezi chimene mungachigwiritse ntchito ndi anthu, ndipo zimenezo ine ndimaziona kuti n'zolemera kuposa kupambana kwa madzulo amodzi.

Funso: Akonzi, ndikatola chilembo cha Q popanda U ndimasowa chochita, ndipo kawirikawiri masewero amatha ndili nacho m'manja. Ndithandizeni. Ndine Mayi Wokonda Scrabble.

Yankho: Mayi, vuto limeneli linabadwa pamodzi ndi masewerowo. Alfred Mosher Butts, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America amene anawayambitsa m'zaka za m'ma 1930, anapereka mapointsi motengera mmene chilembo chilichonse chimapezekera m'Chingerezi cholembedwa. E amapezeka paliponse, choncho alipo 12 mwa zilembo 100 za m'kathumba ndipo ali ndi pointi imodzi yokha. Q ndi Z ndi osowa, choncho aliyense alipo mmodzi ndipo ali ndi mapointsi 10. Ma U alipo anayi okha, ndiye kudikira U n'kutchova njuga. Komanso Q akakutsalirani masewero atatha, kusiyana kwa inu ndi mnzanu kumakula ndi mapointsi 20.

Mankhwala ake ndi mawu ochepa amene ali ndi Q wosatsatidwa ndi U. Ambiri mwa iwo anachokera ku Chiarabu, chifukwa olemba Chingerezi amagwiritsa ntchito Q poimira chilembo china cha Chiarabu chimene chimatchulidwira kukhosi. QAT ndi chitsamba cha kumpoto chakum'mawa kwa Africa ndi ku Arabia chimene masamba ake anthu amatafuna. QADI ndi woweruza wa malamulo a Chisilamu, QAID ndi mtsogoleri kapena mfumu, FAQIR ndi munthu wodzimana za dziko chifukwa cha chipembedzo, NIQAB ndi nsalu yophimba kumaso, ndipo QANAT ndi ngalande ya pansi pa nthaka yobweretsa madzi othirira, monga za ku Iran. Kuchokera ku Chiheberi kuli QOPH, limene ndi dzina la chilembo. TRANQ ndi chidule cha mankhwala okhazika mtima pansi, ndipo QWERTY ndi dongosolo la zilembo za pa kompyuta. Koma mwa onsewa, amene adzakupulumutseni kawirikawiri ndi QI, QIS ndi QAT, chifukwa amafuna malo ochepa. Musamusunge Q podikira liwu lalikulu; mpata woyamba wabwino ukapezeka, mutulutseni.

Funso: Akonzi, tinakangana kunyumba chifukwa mlamu wanga anayala CHINA, pamene tonse tikudziwa kuti maina a maiko saloledwa. Analakwa ndani? Ndine Bambo Wofuna Chilungamo.

Yankho: Bambo, lamulo mukulidziwa bwino, koma mlamu wanuyo ndiye anakhoza. Maina a mwinimwini amene amayamba ndi chilembo chachikulu saloledwa, pamodzi ndi zidule zongotenga zilembo zoyambirira ndiponso mawu okhala ndi kamzere kolumikizira kapena kachizindikiro kosonyeza chilembo chosiyidwa. Koma liwu likakhala ndi tanthauzo lina limene limalembedwa ndi chilembo chaching'ono, limaloledwa chifukwa cha tanthauzo lachiwirilo. CHINA ndi mbale ndi makapu adothi osalala, TURKEY ndi nkhukundembo, JAPAN ndi vanishi wakuda wonyezimira, MOROCCO ndi chikopa chofewa cha mbuzi chokutira mabuku, GUINEA ndi ndalama yakale ya ku Britain, ndipo CHAD ndi kachidutswa kamene kamagwa pepala likabooledwa. Pa miyezi, MARCH ndi kuguba, MAY ndi mneni wosonyeza chilolezo, ndipo AUGUST ndi mfotokozi wa munthu wolemekezeka, koma APRIL ndi JULY saloledwa chifukwa alibe tanthauzo lina. Apanso mukuona kuti amene akudziwa tanthauzo ndiye amapambana mlandu.

Mkangano wotere umapeweka mukagwirizana za chilango cha kutsutsa musanayambe. Pa mipikisano ya ku North America, wotsutsa liwu lolondola amataya mpata wake wosewera, pamene pa mipikisano yambiri yotsatira Collins mnzakeyo amangopatsidwa mapointsi 5. Liwu likapezeka lolakwa, kulikonseko limachotsedwa pa bolodi ndipo mwini wake sapata kanthu ulendo umenewo.

Funso: Akonzi, mawu ambiri ndimawadziwa powamva, koma ndikayala pa bolodi amapezeka kuti ndalakwitsa kalembedwe, makamaka pa L ndi R. Kodi pali njira yothetsera zimenezi? Ndine Namwino Wosewera Usiku.

Yankho: Mayi, vutoli si lanu nokha, ndipo si chizindikiro cha kusaphunzira. M'Chichewa L ndi R sasiyanitsa matanthauzo a mawu, ndipo malamulo a kalembedwe amangotiuza kulemba R pambuyo pa I ndi E, n'kulemba L m'malo ena onse. Khutu limene linakula motero limamva zilembo ziwirizi ngati chimodzi. M'Chingerezi zinthu ndi zosiyana, pakuti LIGHT ndi kuwala pamene RIGHT ndi kumanja kapena cholondola, PLAY ndi kusewera pamene PRAY ndi kupemphera, GLASS ndi galasi pamene GRASS ndi udzu, FLESH ndi mnofu pamene FRESH ndi chatsopano, ndipo COLLECT ndi kusonkhanitsa pamene CORRECT ndi kukonza cholakwa. Chimodzimodzinso ndi mavawelo, amene kusukulu timawatcha malembo a liwu. Ife tili nawo asanu ndipo aliyense amatchulidwa mwa njira imodzi, koma Chingerezi chimalemba ndi zilembo zisanu zomwezo maliwu oposa khumi, n'chifukwa chake SHIP ndi SHEEP, FULL ndi FOOL, kapena HAT, HUT ndi HURT amatimvekera mofanana.

Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi yophunzira mawu otere awiriawiri, kuwalemba moyandikana m'kope, lililonse ndi tanthauzo lake ndi chiganizo chachifupi. Diso liyenera kuphunzira chimene khutu likulephera kusiyanitsa. Zikatero, chimene chinali chofooka chimasanduka chida, chifukwa inu mudzazolowera kuyesa L pamene pali R, ndi R pamene pali L, chinthu chimene eni chinenerocho sachiganizira kawirikawiri. Mukafuna kuyala CROWN koma R mulibe, mudzakumbukira msanga kuti CLOWN alipo. Mukafuna BLUSH, BRUSH ali pafupi. Chenjezo n'lakuti si mawu onse amene ali ndi mnzake wotero: FRIEND alipo, koma mukasinthamo R ndi L mwapanga chinthu chimene kulibe.

Samalaninso ndi zilembo zimene zimalembedwa koma sizitchulidwa, monga K mu KNIFE ndi KNEE, B mu DOUBT ndi THUMB, S mu ISLAND, P mu PSALM, ndi W mu WRIST. Mawu amenewa ndi opindulitsa pa bolodi, chifukwa zilembo zosatchulidwazo nthawi zambiri ndi zija za mapointsi ochuluka: K ali ndi 5, W ali ndi 4, pamene B ndi P ali ndi 3 aliyense.

Funso: Akonzi, ndasewera kwa zaka ziwiri koma sindinayalepo zilembo zonse zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi. Kodi akatswiri amawaona bwanji mawu ataliatali amenewa? Ndine Mnyamata Wofunitsitsa.

Yankho: Achimwene, mphoto ya mapointsi 50 imeneyo sibwera mwangozi, ndipo akatswiri saidikira, amachita kuikonzekera. Chinsinsi choyamba chili pa zilembo zimene mumasunga m'manja mukatha kuyala. Zilembo za A, E, I, N, R, S ndi T zili ndi pointi imodzi yokha chilichonse, koma ndi zimene zimagwirizana mosavuta kupanga mawu aatali. Zisanu ndi ziwiri zimenezi pazokha zimapanga RETAINS, kutanthauza kuti akusunga, NASTIER, choipirapo, RETINAS, timinofu ta mkati mwa maso timene timalandira kuwala, STAINER, wopaka utoto, RETSINA, vinyo wa ku Greece wothiramo utomoni wa paini, STEARIN, mafuta olimba opangira makandulo ndi sopo, ndi ANTSIER, wosakhazikika kuposa mnzake. Choncho mukakhala ndi zilembo zolemera monga V, W, K kapena J, zitulutseni ndi liwu lalifupi n'kusunga zopepukazo, ndipo mudzaona kuti mwayi ukubwera pafupipafupi.

Chachiwiri n'chakuti musamangoyang'ana zilembo zili chikhalire. Zisunthenisuntheni ndi zala. Mukaona I, N ndi G, zikankhireni kumanja kuti zipange ING, n'kufunafuna liwu la zilembo zinayi mwa zotsalazo, pakuti kupeza liwu la zilembo zinayi n'kosavuta kusiyana ndi la zisanu ndi ziwiri. Chitani chimodzimodzi ndi ED, ER, EST, IER ndi LY kumapeto, ndiponso RE, UN, OUT, MIS ndi OVER kumayambiriro. Ife olankhula Chichewa tiyenera kuimva msanga njira imeneyi, popeza chinenero chathu chimamanga mawu pophatikiza tizigawo ku tsinde.

Liwu lalitali limafunanso pokolekera. Apa ndi pamene muyenera kudziwa mawu amene amasanduka ena mukawonjezera chilembo chimodzi. RAIN amakhala BRAIN, DRAIN, GRAIN kapena TRAIN. HOST amakhala GHOST, ndipo LAUGHTER, kuseka, amakhala SLAUGHTER, kupha. Kumapeto, PLAN amakhala PLANE, PLANK kapena PLANT, ndipo EAR amakhala EARL kapena EARN. Ma S alipo anayi okha ndipo timatabwa topanda chilembo, timene timaimira chilembo chilichonse, tilipo tiwiri, choncho musazitaye chifukwa cha mapointsi awiri kapena atatu.

Pophunzira, dulani timakadi. Kutsogolo lembani zilembo motsatira alifabeti, mwachitsanzo EILNST, ndipo kuseri lembani mayankho ndi matanthauzo ake: LISTEN, SILENT, ENLIST, INLETS, TINSEL. Timakadi khumi pa tsiku n'tokwanira, paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo musaganize kuti luso limeneli ndi la anthu obadwira m'Chingerezi okha. Panupol Sujjayakorn wa ku Thailand anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2003, ndipo Wellington Jighere wa ku Nigeria anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Perth, m'dziko la Australia, mu 2015, kukhala munthu woyamba wa mu Africa kuchita zimenezi.

Funso: Akonzi, nanga ndikatola mavawelo okhaokha, kapena makonsonanti okhaokha? Ndine Wowerenga Wanu wa Nthawi Zonse.

Yankho: Mwa zilembo 100 za m'kathumba, 42 ndi mavawelo ndipo 56 ndi makonsonanti, choncho kupendekera mbali imodzi kumachitika kawirikawiri. Mavawelo akachuluka, kumbukirani AUDIO, za mawu omveka; ADIEU, kutsanzika kochokera ku Chifalansa; QUEUE, mzere wa anthu odikira; EERIE, chochititsa nthumanzi; komanso AREA, IDEA ndi UNAU uja. Makonsonanti akachuluka, Y amagwira ntchito ya vawelo mu MYTH, nthano, LYNX, mphaka wa kutchire, CRYPT, chipinda cha pansi pa tchalitchi, TRYST, pangano la okondana lokumana mwamseri, ndi RHYTHM. Palinso CWM, chigwa chozungulira cha m'phiri, ndi CRWTH, choimbira chakale cha zingwe, mawu ochokera ku Wales kumene W amawerengedwa ngati vawelo. Mifuwu monga HMM, SHH ndi BRR ndi yololedwanso. Zikavutitsitsa, malamulo amalola kubweza zilembo m'kathumba n'kutola zina, bola mukhale mutatsala zosachepera zisanu ndi ziwiri, ndipo kutaya ulendo umodzi motero n'kwabwino kusiyana ndi kuvutika maulendo anayi.

Funso: Akonzi, Scrabble ndimaitha ndithu, koma Wordle ndi crossword zimandigonjetsa. Kodi si mawu omwewo? Ndine Mlembi wa mu Ofesi.

Yankho: Chinenero ndi chimodzi, koma masewero atatuwa amafuna nzeru zosiyana. Wordle anaipanga Josh Wardle, inatulukira poyera mu October 2021, ndipo nyuzipepala ya The New York Times inaigula mu January 2022. Mumapatsidwa mipata isanu ndi umodzi kuti mupeze liwu la zilembo zisanu. Kabokosi kobiriwira kamasonyeza chilembo cholondola pa malo olondola, kachikasu kamasonyeza chilembo chimene chilimo koma chili pa malo ena, ndipo kotuwa kamasonyeza kuti chilembocho mulibe. Mayankho ake ndi mawu odziwika, osati achilendo a pa Scrabble aja, ndipo kawirikawiri sakhala maina ongochulukitsidwa ndi S. Amatsatiranso kalembedwe ka ku America, choncho COLOR, FAVOR ndi HUMOR angathe kukhala mayankho, ngakhale kuti m'kalembedwe ka ku Britain mawuwa ali ndi U ndipo zilembo zake ndi zisanu ndi chimodzi. Kumbukiraninso kuti chilembo chingathe kubwera kawiri, monga mu SPEED kapena LEVEL.

Msampha umene umakola odziwa Chingerezi ndi uwu. Mwapeza zilembo zinayi zobiriwira, IGHT, ndipo kwatsala choyamba chokha. Mtima umafuna kuyesa LIGHT, kenaka NIGHT, kenaka MIGHT, koma palinso RIGHT, SIGHT, FIGHT, TIGHT ndi EIGHT, ndipo mipata imatha musanafike pa yankho. Chanzeru n'kupereka mpata umodzi ku liwu limene mukudziwa kuti si yankho, koma likuyesa zilembo zambiri zokayikitsazo nthawi imodzi. FORMS amayesa F, R, M ndi S ulendo umodzi, ndipo akakubwezerani zotuwa zokhazokha mwatsala ndi mawu ochepa oti musankhepo.

Crossword ndiyo yakale pa onse atatu, popeza Arthur Wynne anasindikiza yoyamba m'nyuzipepala ya New York World pa 21 December 1913, ndipo kumeneku tanthauzo ndilo masewero enieniwo. Mumayamba ndi chokuunikirani n'kufunafuna liwu, choncho kuloweza mindandanda sikuthandiza kwenikweni. Chofunika n'kudziwa mawu ofanana matanthauzo ndiponso matanthauzo angapo a liwu limodzi. Yankho limagwirizana ndi chokuunikiranicho pa nthawi ya mneni ndi pa kuchuluka, kotero kuti chikakhala m'nthawi yapita, yembekezerani ED kumapeto, ndipo chikakhala chochulukitsa, yesani S m'kabokosi komaliza. Mtundu wa ku Britain wotchedwa cryptic umafika pokhala ngati ndagi, chifukwa umabisa tanthauzo mwadala. Mukaona NUMBER, mwina sakunena nambala koma mankhwala ochititsa dzanzi, kuchokera ku mneni NUMB. Mukaona FLOWER, mwina sakunena duwa koma chinthu choyenda ngati madzi, kuchokera ku mneni FLOW, ndiye kuti mtsinje. Ndipo popeza maina a malo ndi a anthu amaloledwa pa crossword, FLOWER wa ku London wa zilembo zisanu ndi chimodzi ndi THAMES, pamene wa ku Egypt wa zilembo zinayi ndi NILE.